Ndikapeza kuti ziwerengero za nkhanza zochitikira anthu aulumali?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Luchenza: "Ndimagwira ntchito ndi gulu la amayi kuno ku Thyolo, komanso ndikuchita maphunziro a digiri. Ndinasankha kufufuza za nkhanza zomwe anthu aulumali amakumana nazo m'boma lathu lino ndi ku Mulanje. Ndayenda m'maofesi angapo, koma kwina akuti milandu yotere ndi yochepa, kwina akuti saisiyanitsa ndi milandu ina. Chonsecho kumudzi nkhanizi timazimva kawirikawiri. Aphunzitsi anga akuti ngati palibe ziwerengero ndisinthe mutu. Kodi ndisinthedi? Ngati ayi, ndiyambire pati?"

Achemwali, mutuwo musausinthe. Zomwe mwakumana nazo m'maofesimo aliyense amene anafufuzapo nkhaniyi m'dziko muno anakumana nazo, ndipo amene anakuyankhaniwo sanakunamizeni. Makaundula ambiri alibe danga lolembapo kuti wodandaula ali ndi ulumali. Mtsikana wosamva akagwiriridwa, m'buku amalowa ngati mtsikana wogwiriridwa basi, ndipo pofika pa lipoti la pamwezi kusamva kwake kuja sikuonekanso. Ndiye mukafunsa kuti milandu ya anthu aulumali ilipo ingati, munthu amayankha zomwe akukumbukira m'mutu. Kulibe malo amodzi komwe mukapeze zonse. Mutolera uku ndi uku, ndipo ntchito yaikulu ikhala kudziwa kuti gwero lililonse limawerenga ndani, nanga limasiya ndani.

Yambani ndi kudziwa kuti anthu aulumaliwo alipo angati, chifukwa nambala ya milandu payokha siuza munthu kanthu. Kalembera wa 2018, yemwe anachititsa a National Statistical Office (NSO) ku Zomba, anapeza anthu 721,456 ku Thyolo ndi 684,107 ku Mulanje. M'dziko lonse, 10.4 peresenti ya anthu a zaka 5 kupita m'tsogolo anapezeka ndi ulumali wina wake, ndipo tikaphatikiza achialubino ndi a khunyu chiwerengerocho chimafika 11.6 peresenti. Achialubino okha anali 134,636. Ngakhale titangoyerekeza ndi mlingo wa dziko lonsewu, m'boma lililonse mwa awiriwa tikunena za anthu masauzande ochuluka ndithu. Alembereni a NSO kuwapempha ziwerengero za maboma anu awiriwa, mpaka pa mfumu yaikulu ngati angathe, kuti mudziwe za kwa Bvumbwe pazokha, za kwa Mabuka pazokha.

Koma taonani ichi. Kalembera wa 2008 anapeza 3.8 peresenti yokha. Sikuti m'zaka khumi ulumali unachuluka katatu ayi, chinasintha ndi kafunsidwe. Ukafika pakhomo n'kufunsa kuti "muno muli wolumala?" anthu amaganiza za woyenda pa njinga ya olumala kapena wosaona, ndipo ena amabisa mwana chifukwa cha manyazi. Mu 2018 anatsamira pa mafunso a gulu la akatswiri lotchedwa Washington Group, omwe satchula ulumali koma amafunsa ngati munthu amavutika kuona, kumva, kuyenda, kukumbukira, kudzisamalira monga kusamba ndi kuvala, kapena kulankhulana ndi ena, komanso kuti amavutika pang'ono, kwambiri, kapena sangathe n'komwe. Lipoti lililonse lomwe mugwire, musanawerenge zotsatira fufuzani kaye kuti ulumali anaufunsa bwanji. Malipoti awiri ofunsa mosiyana simungawafananitse. Inunso pa mafunso anu gwiritsani ntchito asanu ndi limodzi omwewa, ndipo muwayese kaye kwa agogo olankhula Chilomwe musanapite nawo kumudzi.

Tsopano akafukufuku akuluakulu a m'makomo. Malawi Demographic and Health Survey ya 2015-16 inapeza kuti amayi 34 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anachitidwapo nkhanza zokhudza thupi chikwanitsireni zaka 15, ndipo 42 pa 100 mwa amene anakwatiwapo anazunzidwapo ndi mwamuna wawo m'njira ina. Nambala zimenezi zikuthandizani kusonyeza mmene zinthu zilili kwa amayi onse. Mayankho enieni a anthu, atachotsedwa mayina, mungawapeze mwaulere pa intaneti mukalembetsa ku DHS Program n'kufotokoza cholinga chanu. Kafukufuku yemweyu anachitikanso mu 2024. Pa lililonse, tsegulani mafunso omwe amaikidwa kumapeto kwa lipoti muone ngati munthu mmodzimodzi anafunsidwa zonse ziwiri, za ulumali ndi za nkhanza. Ngati sanatero, simungazilumikize.

Pa nkhani ya ana, amene ine ndimamudalira kwambiri ndi Multiple Indicator Cluster Survey wa 2019-20, wa NSO ndi UNICEF, chifukwa ali ndi mafunso a zomwe mwana wa zaka 2 mpaka 17 amavutika kuchita komanso a mmene ana a chaka 1 mpaka 14 amalangidwira pakhomo. Apo mutha kuona ngati ana aulumali amamenyedwa kuposa anzawo. Kungoti woyankha ndi mayi kapena womulera mwanayo, amene nthawi zina ndi yemwe amagwira chikwapucho.

Palinso kafukufuku wa nkhanza kwa ana ndi atsikana wa 2013, yemwe anapeza kuti mtsikana mmodzi mwa asanu ndi mnyamata mmodzi mwa asanu ndi awiri anachitidwa nkhanza zogonana asanakwane zaka 18. Ndi ntchito yabwino kwambiri, koma werengani gawo lofotokoza amene anafunsidwa. Achinyamata omwe sakanatha kumva kapena kuyankha pakamwa, ndi omwe sakanamvetsa mafunso chifukwa cha ulumali wa ubongo, sanalowemo. Apa ndi pamene mtima wanga umawawa pa ntchito yathuyi: amene ali pachiopsezo chachikulu ndi omwewo amene njira zathu zofunsira zimawalumpha. Wofunsa ali ndi makomo ambiri oti amalize tsiku limenelo, alibe womasulira chinenero chamanja, ndiye amalemba kuti kufunsa sikunatheke n'kupita khomo lina. Ana okhala m'sukulu zogonera komweko ndi odwala ogonekedwa m'zipatala nawo salowa m'kafukufuku wa m'makomo.

Chenjezo lina ndi la kuchepa kwa anthu. Mukachotsa a Thyolo okha, kenako amayi okha, kenako aulumali okha, mutsala ndi anthu owerengeka m'manja, ndipo peresenti yochokera pamenepo siodalirika. Nenani za chigawo chakumwera kapena dziko lonse, ndipo apa mupemphe wodziwa masamu a kafukufuku ku sukulu kwanu akhale nanu pansi. Akafukufukuwa ali ndi kawerengedwe kawo kapadera, ndipo ukangophatikiza wamba umapeza yankho lolakwika.

Funaninso malipoti a moyo wa anthu aulumali omwe bungwe la ku Norway la SINTEF linachita pamodzi ndi FEDOMA (mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali) ndi Centre for Social Research ya ku Zomba, loyamba mu 2004 ndi lina patapita zaka zoposa khumi. A SINTEF omwewo anachezanso mwakuya ndi amayi aulumali a ku Blantyre za nkhanza, ndipo ngakhale amayiwo anali ochepa, zomwe ananena mudzazimvanso ku Thekerani kapena ku Muloza. Za kunja n'zongokuthandizani potsegulira: mu 2012 magazini ya zaumoyo ya The Lancet inasonkhanitsa akafukufuku ambiri n'kupeza kuti ana aulumali amachitidwa nkhanza kuwirikiza 3.7 poyerekeza ndi anzawo, akuluakulu kuwirikiza 1.5. Ambiri mwa akafukufukuwo anali a m'mayiko olemera, choncho musawalembe ngati akunena za kwa Chimaliro.

Tibwerere ku maofesi munapita aja, chifukwa muli zambiri kuposa zomwe anakuuzani. Ku polisi, nthambi ya Victim Support Unit imalemba madandaulo, ndipo ngakhale danga la ulumali palibe, m'mawu ofotokoza nkhani mumapezeka zonga "salankhula", "amadwala matenda akugwa", "mutu wake suyenda bwino", "anabwera ndi mayi ake omwe anamuyankhulira". Muyenera kuwerenga nkhani imodziimodzi, tsamba ndi tsamba, mutapatsidwa chilolezo. Ndi ntchito yotopetsa koma ndi mmene golide wa kafukufuku wanu ali. Chimodzimodzi ku chipatala, makamaka kumene kuli Chikwanekwane, komwe achipatala, apolisi ndi a zachisamaliro cha anthu amathandizira pamodzi, ndi ku ofesi ya Social Welfare ya pa boma, komwe kumafika malipoti a ogwira ntchito yoteteza ana m'madera. A YONECO, omwe amayendetsa manambala aulere a 116 ndi 5600, nawo amasunga ziwerengero za mafoni omwe amalandira, koma kumbukirani kuti wosamva sangaimbe foni, ndipo wosaona wa kumudzi kawirikawiri foni amachita kubwereka kwa wachibale.

Kaundula aliyense wa muofesi ali ngati sikelo ya ku esiteti: imayeza tiyi amene wafika pa sikelopo, osati amene ali m'munda. Tiyerekeze kuti mwawerenga milandu 200 n'kupeza itatu yokha ya anthu aulumali, pamene kalembera akuti munthu mmodzi mwa khumi ali ndi ulumali. Musalembe kuti nkhanza n'zochepa. Funsani kuti enawo anatsakamira pati. Kuchoka kuseri kwa phiri kukafika pa boma ndi ndalama ya kabaza ya anthu awiri, wodandaula ndi womuperekeza. Akafika, masitepe. Akalowa, palibe womva chinenero chake. Ndipo womuperekeza uja mwina ndi mchimwene wa wolakwayo.

Musaphatikize nambala za maofesi osiyana. Mtsikana mmodzi atha kulembedwa ku polisi, ku chipatala, ku Social Welfare ndi ku 116, inu n'kumuwerenga kanayi. Chothandiza ndi kutsatira mmene milandu imacheperachepera: yofika ku polisi ingati, yopita ku khoti ingati, yogamulidwa ingati, ndipo yotsalayo inathera pati. Ku khoti la majisitireti pemphani kuona kaundula wa milandu, makamaka ya pansi pa gawo 139 la Penal Code, lokhudza kugona ndi munthu wa ulumali wa ubongo. Zigamulo za khoti lalikulu zambiri zili pa intaneti, pa tsamba la MalawiLII. Muzakale mupeza mawu onyoza omwe lamulo linkagwiritsa ntchito nthawi imeneyo. Pofufuza muwalembe momwemo kuti muzipeze, koma m'lipoti lanu musawatengere.

Nkhanza kwa anthu achialubino ndi zomwe zinalembedwa bwino kuposa zonse, chifukwa kuyambira kumapeto kwa 2014 a APAM (bungwe la anthu achialubino), apolisi, Amnesty International ndi atolankhani akhala akutsatira mlandu uliwonse, ndipo katswiri wa United Nations, Ikponwosa Ero, anabwera m'dziko muno mu 2016 n'kulemba lipoti. Ku Thyolo komweko kuli mlandu womwe khoti lalikulu linagamula mu 2019, wa mnyamata wachialubino amene anaphedwa mu 2017. Izi zikusonyeza kuti anthu akatsimikiza mtima kuwerenga, zimatheka. Koma musalole kuti nkhani ya kupha ndi kufukula manda iphimbe zina zonse. Nyuzipepala ndi wailesi zimatola zoopsa kwambiri, ndipo nkhani imodzi imalembedwa kangapo, choncho muzilemba tsiku ndi dera kuti musabwereze.

Gawo lalikulu la zomwe mukufuna, achemwali, silinalembedwe paliponse, ndipo inu amene mumakhala ndi amayi kumudzi mukudziwa kale chifukwa chake. Nkhani imathera kwa ankhoswe, kwa mwinimbumba, kapena pabwalo la a nyakwawa. Wolakwa amapereka nkhuku kapena mbuzi, akuluakulu n'kunena kuti zapachibale sitipita nazo kuboma. Nthawi zambiri wozunzayo ndi yemwe amasambitsa, kudyetsa ndi kunyamula munthuyo, ndiye akamangidwa asamale ndani? Ndamvapo amayi akunena mosabisa kuti bola kupirira kusiyana n'kugona ndi njala. Ena amauzidwa kuti athokoze kuti mwamuna wawayang'ana n'komwe. Pali abambo obwera usiku okha, masana osafuna kuonekera naye, mimba ikaoneka n'kukana. Mafumu ena ndi alembi awo amasunga makope a milandu. Apempheni mwaulemu kudzera kwa a gulupu. Makomiti oteteza ana, ma Community Victim Support Unit a kwa mfumu yaikulu, alangizi a zaumoyo ndi aphunzitsi a ana a zosowa zapadera amadziwa zambiri zomwe sizinafike pa boma.

Palinso mitundu ya nkhanza yomwe mafomu wamba safunsa chifukwa sichitikira anthu ena. Kumulanda munthu ndodo yoyendera kapena njinga yake kuti asachoke pakhomo. Kumumana mankhwala a khunyu. Kumulandirira ndalama za Mtukula Pakhomo iye osaona ngakhale tambala. Kumulanda munda wa mayi ake pomunena kuti sangalime. Kumubayitsa jakisoni wolera osamufunsa. Kumumanga chingwe pamtengo, kapena kumutsekera m'nyumba tsiku lonse. Pa chomalizachi mupite mofatsa. Mayi amene amalawirira kukathyola tiyi n'kutsekera mwana wake wamkazi m'nyumba kawirikawiri amatero poopa anyamata a m'mudzi, ndipo alibe womusiyira. Kwa mwanayo ndi nkhanza ndithu, ndipo muilembe choncho, koma mukafika ngati woweruza mayiyo sadzakuuzaninso kanthu, ndipo lipoti lanu lidzaphonya chomwe chikusowa, chomwe ndi malo otetezeka osiyako mwana. Muwafunsenso za nthawi ya namondwe Freddy mu March 2023, pamene anthu ambiri a ku Mulanje anakhala m'misasa: zimbudzi zinali kutali bwanji, usiku kunkawala kapena ayi, chakudya ankalandirira ndani. Malipoti a mabungwe othandiza pa ngozi a nthawi imeneyo ali pa intaneti, pa tsamba la ReliefWeb.

Musanafunse munthu aliyense, pezani chilolezo cha komiti yoona kuti kafukufuku sakupweteka anthu. Sukulu zaukachenjede zambiri zili ndi komiti yawo. Apo ayi pali komiti ya National Commission for Science and Technology, ndipo ngati mukhudza zolembedwa za kuchipatala pali National Health Sciences Research Committee. Kenako kalata ya kwa DC. Lamulo la Access to Information, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020, limakulolani kupempha ziwerengero ku maofesi aboma polemba kalata, ndipo akakukanizani popanda chifukwa mutha kudandaula ku Malawi Human Rights Commission. Koma silikupatsani mayina a anthu, ndipo lamulo la Data Protection la 2024 likukumangani inunso. Musajambule masamba a kaundula pa foni. Foni imabedwa, imabwerekedwa, zithunzi zimathawira pa WhatsApp. Ndipo chonde, mndandanda kapena mapu osonyeza makomo a anthu achialubino musapange, ngakhale wina atakuuzani kuti zikometsa lipoti.

Lowani kudzera m'mabungwe a eni ake. FEDOMA ikulozerani anthu ake a pa boma, MANAD pa za osamva, Malawi Union of the Blind pa za osaona, PODCAM pa za makolo a ana aulumali, APAM pa za achialubino. MACOHA yakale ija, bungwe la boma loona za anthu aulumali, tsopano ndi MACODA kutsatira lamulo la anthu aulumali la 2024, ndipo alangizi ake a m'madera amadziwa makomo. Musawatenge ngati olozera njira chabe. Apatseni mafunso anu awadzudzule, ndipo ngati n'kotheka wina waulumali akhale m'gulu lofunsa. Mayi wosaona amamasuka msanga kwa mnzake amene akudziwa moyo umenewo.

Womasulira asakhale wachibale kapena woyandikana naye nyumba. Dziwaninso kuti osamva ambiri a kumudzi sanapite ku sukulu ngati ya Mountain View ku Bvumbwe, ndiye amalankhula ndi zizindikiro zapakhomo pawo zomwe womasulira wophunzira sangazimve msanga. Zikatero pamafunika munthu wosamva mnzake wozolowera kuthandizana ndi womasulirayo, komanso zithunzi ndi nthawi yokwanira. Wa ulumali wa ubongo mumufotokozere m'mawu ochepa, mumupemphe abwereze zomwe wamva, ndipo ngakhale womusamalira atavomera, mwini wake akakana zathera pomwepo. Kumudzi kafukufukuyu mumutchule kuti ndi wa umoyo ndi moyo wa anthu aulumali. Za nkhanza muzitchule muli awiri. Wina akalowa pakati pa kucheza, sinthani nkhani. Polemba, kuchotsa dzina sikokwanira. Mukati "mayi wosaona wa ana atatu wa kufupi ndi msika wa Goliati", dera lonse lamudziwa.

Ana musawafunse za nkhanza pa kafukufuku wa digiri yoyamba. Zimafuna anthu ophunzitsidwa mwapadera ndi aphungu oima pafupi, ndipo inu muli nokha. Za ana mutenge m'makaundula ndi kwa akuluakulu owathandiza.

Tsiku lina wina adzakuuzani zomwe zikumuchitikira panopa, osati zakale. Mukonzekeretu. Musanayambe, kaonaneni ndi a Social Welfare ndi a Victim Support Unit a dera limenelo, mukhale ndi nambala ya munthu weniweni woti mumuimbire, ndi kandalama ka mayendedwe. Ngati wagwiriridwa kumene, ayambire kuchipatala: mankhwala oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72, ndipo oteteza mimba nawo ali ndi masiku ochepa. Ngati ndi mwana, kapena moyo wa munthu uli pachiswe, chinsinsi chili ndi malire, ndipo zimenezi muziwauza anthu musanayambe kucheza. Wamkulu amene atha kusankha yekha musamukakamize kupita kupolisi. Muuzeni njira zomwe zilipo, kuphatikizapo Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza anthu pa milandu, asankhe mwini. Inunso nkhanizi zidzakulemerani. Mukaona kuti tulo tasowa kapena mukupsa mtima ndi ana anu popanda chifukwa, pumulani ndipo mulankhule ndi phungu.

Kwa aphunzitsi anu mupite ndi funso lochepetsedwa. Kuti muyankhe kuti anthu aulumali angati amazunzidwa m'maboma awiriwa pangafunike ndalama ndi gulu lomwe inu mulibe. Koma mutha kuyankha bwinobwino kuti mwa milandu ya nkhanza yomwe inalembedwa pa boma limodzi m'zaka ziwiri kapena zitatu, ingati ikusonyeza ulumali, inathera pati, ndipo amayi aulumali eni ake akuti n'chiyani chimawaletsa kufika kumeneko. Konzani pepala limodzi lotolera zomwe mukuwerenga: chaka, zaka za wodandaula m'magulu, mwamuna kapena mkazi, mtundu wa nkhanza, ubale wake ndi wolakwa, amene anabwera naye, ndi kumene mlandu unathera. Pa danga la ulumali muike mayankho atatu, osati awiri: ulipo, palibe, sanalembe. La chitatulo mwina ndi lomwe lidzadzaze, ndipo nambala imeneyo mukaipereke kwa a DC ndi a Social Welfare pamodzi ndi mafunso asanu ndi limodzi aja a Washington Group, kuti aone ngati angawaonjezere pa fomu yolandirira madandaulo.